F1 25, iRacing kapena Automobilista 2: mugule iti?

Anthu oonera Formula 1 achuluka chiyambire 2020, pamene mipikisano yeniyeni inaima chifukwa cha Covid ndipo madalaivala monga Charles Leclerc ndi George Russell ankapikisana pa kompyuta ali kunyumba. Ambiri akaonera amafuna kuyesa okha, ndiye funso limakhala lomweli: tigule gemu iti? Zoti zithunzi n'zokongola tizisiye, zonse zitatu n'zokongola. Nkhani ili pa ndalama ndi pa intaneti.

F1 25 ya EA Sports ndi Codemasters ndiyo yokhayo pa zitatuzi imene mungasewere bwino ndi padi, kachipangizo kogwira m'manja kosewerera gemu. Ili pa PS5, Xbox Series X/S ndi kompyuta. Amene muli ndi PS4 musataye ndalama, yanu yomaliza ndi F1 24. Matimu, madalaivala ndi mabwalo onse a chaka cha 2025 alimo, kuphatikizapo galimoto za F2, gulu lotsatira pansi pa F1. Pa intaneti ndi pamene imafooka: m'mipikisano yolowa aliyense, anthu amaombana pa kona yoyamba ngati minibasi zolimbirana okwera.

iRacing, imene inayamba mu 2008, ndiyo yopatsa mpikisano weniweni, ndipo Max Verstappen amathamanga kumeneko. Koma onetsetsani mtengo wake musanalowetse khadi. Ndalama imene mumaiona poyamba, madola pafupifupi 13 pamwezi, ndi yongolowera pakhomo. Imakupatsani galimoto zochepa, monga Formula Vee ndi Ray FF1600, ndi mabwalo angapo. Mukachoka m'gulu la oyamba kumene, la Rookie, n'kufuna kuyendetsa galimoto ya Formula 4 (F4), galimotoyo mugula payokha, madola pafupifupi 12. Bwalo lililonse lachilendo ndi madola pafupifupi 15.

Apa m'pamene ambiri amapsa. Sizoni imodzi ndi masabata 12, ndipo bwalo limasintha sabata iliyonse. Tiyerekeze kuti mwa mabwalo 12 aja, asanu ndi limodzi mulibe: amenewo ndi madola 90, kuwonjezera galimoto akwana 102, ya mwezi ndi mwezi isanawerengedwe. Sizoni yotsatira ndandanda imasintha, mugulanso ena. Kukwera ku Dallara F3 kapena Super Formula SF23, galimoto inanso ndi mabwalo enanso. Chowawa kwambiri n'chakuti zimene mwagulazo simungazigwiritse ntchito mwezi umene simunalipire, ngakhale kungoyeserera nokha. Zimakhala zotsekeka mpaka mutalipiranso. Kwa munthu wolandira makwacha, amene amavutika kupeza khadi yolipira madola, uwu ndi msampha woyenera kuudziwiratu.

Ngati mwatsimikiza kulowa, sankhani galimoto imodzi, onani ndandanda ya sizoni yonse, ndipo gulani zinthu pamodzi. Zitatu nthawi imodzi amachotsera 10 peresenti, zisanu ndi chimodzi amachotsera 15. Kugula bwalo limodzilimodzi sabata iliyonse n'kuwononga.

Palinso Safety Rating, muyeso wa iRacing woona ngati mumayendetsa mosamala, umene umatsika mukamapeza mapointi a chilango. Kutuluka mumsewu ndi 1x, galimoto kukuzungulirani ndi 2x, kuombana ndi mnzanu mwamphamvu ndi 4x, ndipo chilangocho chimagwera nonse awiri posayang'ana wolakwa. Dongosololi ndi limene limachititsa kuti anthu aziyendetsa mwaulemu, koma limalanga munthu wa intaneti yofooka. Ping, kutanthauza kuchedwa kwa intaneti, ikakwera, kompyuta imangoyerekeza pamene pali galimoto ya mnzanu, ndipo mutha kuwerengedwa kuti mwamugunda pamene pa sikirini panu munasiya mpata. Pa galimoto za matayala apoyera, kukhudzana pang'ono kumathyola phiko lakutsogolo kapena kukutembenuzani. Lumikizani rauta ndi waya, musadalire Wi-Fi kapena hotspot ya foni, ndipo ngati magetsi kwanu amazimazima, UPS, batire yosunga magetsi a kompyuta, ndi yofunika kuposa chiwongolero chodula.

Automobilista 2 ya Reiza Studios a ku Brazil inatuluka mu 2020 ndipo ili pa kompyuta pokha. Mumagula kamodzi, zowonjezera zilipo zogulitsa koma palibe cha mwezi ndi mwezi, ndipo pa Steam, sitolo ya magemu ya pa intaneti, mtengo umatsika kawirikawiri. Muli galimoto za fomula za mibadwo yosiyanasiyana, kuyambira za m'ma 1960 zopanda mapiko mpaka za masiku ano, ngakhale zambiri zili ndi mayina ongopeka chifukwa kampaniyi ilibe chilolezo cha Formula 1. Mulinso Kyalami, bwalo la pafupi ndi Johannesburg pamene F1 inathamanga komaliza mu Africa mu 1993. Galimoto zoyendetsedwa ndi kompyuta zimapikisana mokwanira, nyengo imasintha mpikisano uli mkati, ndipo intaneti ikaduka masewera saima. Pa intaneti anthu ndi ochepa, chimenecho n'choona.

Chiwongolero cha Logitech G29 chikukwanirani pa zonse zitatu mukakhala pa kompyuta, pomwe a Xbox afunika G920. Mu F1 25 chizizungulira madigiri 360, osati 900. Force feedback, mphamvu imene chiwongolero chimabweza m'manja mwanu, musaikweze mpaka kumapeto, chifukwa mphamvu ikadzadza chiwongolero chimangolemera ndipo simumvanso matayala akutsogolo akayamba kuterera.

Wa padi ndi PS5 atenge F1 25. Wa kompyuta ndi chiwongolero, ine ndikuti Automobilista 2 mosakayika. iRacing idikire mpaka mutakhala ndi intaneti ya waya yokhazikika ndi madola oposa 100 a sizoni yoyamba ya F4, pamwamba pa olipira mwezi ndi mwezi.