Kambale kagalasi ka betta musagule, ndikunena ine amene ndinagula

Shopu yake dzina sinditchula, ili mu Lilongwe momwemuno, ndipo siyoipa ayi moti ndikhala ndikupitabe, koma pali chinthu chimodzi chimene amagulitsa chomwe ndikanakhala mwini wake ndikanachichotsa pa shelefu lero lomwe. Ndi kaseti, seti yaing'ono, ka nsomba yoweta yotchedwa betta kamene amaika pafupi ndi kauntala kuti ana aziona. Kambale kagalasi kozungulira ngati mpira, timiyala tamitundumitundu pansi, kaduwa kapulasitiki, kabotolo ka chakudya, nsomba ili momwemo kale, ukangolipira basi wanyamula wapita. Madzi ake okwana mwina malita awiri.

Ndinagula mu April pa tsiku lobadwa la mwana wanga wamkazi, ali sitandade 4, anali atandivutitsa miyezi ingapo kuti adadi ndikufuna nsomba yoweta, galu ndinakana kale chifukwa tili pa lendi. Mnyamata wa pa kauntala anandikokera ku nsomba ina yabuluu zipsepse zake zazitali ngati chitenje chopachika pa chingwe, ndiye akuti bwana iyi ndiye yosavuta, kwawo imakhala m'zithaphwi, sifuna pampu sifuna hita, muzingosintha madzi kamodzi pa sabata basi. Ine kumva kuti sifuna magetsi ndinangoti eya yomweyo, mukudziwa mmene magetsi amatichitira. Mwana anaipatsa dzina loti Chambo kkkk, ndipo agogo ake atangoiona funso loyamba linali loti nanga ikakula tidzadya? Sikula amayi, imathera pa masentimita 6 kapena 7, usipa umaiposa.

April ndi May zinkaoneka ngati zili bho. Inkadya, inkasambira mozungulira kambale kaja, ukaika chala pagalasi inkabwera. Kufika mu June kutayamba kuzizira kwenikweni, kuja kochita kuvala juzi awiri m'mawa, Chambo anasintha. Anangogona pansi pa timiyala zipsepse atazipinda ngati ambulera yotseka, buluu uja watuwa, chakudya ukaponya amangochiyang'ana chikumira. M'mphepete mwa mchira munayamba kuda n'kumathothoka ngati nsalu yodyedwa ndi njenjete. Mwana tsiku lililonse pochokera kusukulu amathamangira pa kambale kukaona ngati ikupuma, inu zimapweteka zimenezo kuona mwana akunamizira kulimba mtima.

Mnzanga wa kuntchito amene amaweta nsomba za m'nyanja yathu m'thanki yaikulu ndi amene anandibwereka themometa. Ndinaiviika m'mawa cha m'ma 6 koloko, madigiri 17. Betta imafuna madzi a madigiri 25 mpaka 27, pansi pa 24 imayamba kufooka, thupi lake lilibe njira yodzitenthetsera lokha, madzi akazizira nayo yazizira, chakudya sichigayika, matenda amalowa mosavuta. Ndiye taganizani malita awiri a madzi ali pa tebulo pafupi ndi windo usiku wa June, amazizira msangamsanga ngati tiyi woiwalika m'kapu.

Za zithaphwi zija ndi bodza lokhala ndi kachoonadi pang'ono mkati mwake, n'chifukwa chake limagwira anthu. Nsomba imeneyi kwawo ndi ku Thailand ndi maiko oyandikana nawo monga Cambodia, dzina lake la sayansi ndi Betta splendens, ena amati Siamese fighting fish chifukwa Thailand kale inkatchedwa Siam ndipo anthu kumeneko ankazimenyanitsa ngati atambala. Mu 2019 anaisankha kukhala nyama ya m'madzi yoimira dziko lawo, ndiye si kansomba wamba ayi. Imakhala m'madambo ndi m'minda ya mpunga. Amene munaonapo minda ya mpunga ku Karonga kapena ku Nkhotakota nthawi ya dzinja mukudziwa, madzi ake ndi osazama inde, amalekeza m'miyendo, koma ndi otambalala kutali, odzadza ndi udzu, ndipo ndi ofunda. Komanso ili ndi kachiwalo kena m'mutu kotchedwa labyrinth kamene kamaithandiza kupuma mpweya wapamwamba ngati ife, mukaiona ikukwera n'kutsegula kakamwa pamwamba pa madzi ikupuma imeneyo. N'chifukwa chake siifa msanga m'madzi oipa mmene ingafere nsomba ina. Ogulitsa anangotengerapo mwayi pamenepo kuti poti siifa lero ndiye kuti ili bwino.

Ndinabwerera ku shopu ndili wokwiya ndithu. Mnyamata uja kunalibe, ndinapeza amayi ena achikulire amene ndikuganiza kuti ndi eni ake kapena amanijala, ndipo apa ndiye ndiwayamikire chifukwa sanayambe zodziteteza. Ndinawaonetsa chithunzi pa foni, anangopukusa mutu n'kunena kuti achimwene nsombayi yazizidwa, ndipo mchirawo ndi fin rot, matenda oola zipsepse, zimayamba ndi madzi akuda. Ndinawafunsa kuti nanga mukudziwa zonsezi bwanji mukugulitsa timbale timeneti, anangoseka kuseka kwa manyazi, akuti ndi timene anthu amafuna. Chabwino.

Ndinatuluka ndi thanki ya malita 25 yamakona anayi yokhala ndi chivundikiro ndi getsi, hita ya mawati 50 yochita kutembenuza pamwamba, fyuluta ya siponji ndi kapampu kake ka mpweya, themometa yomata pagalasi, ndi kabotolo ka mankhwala ochotsa chlorine m'madzi a pampopi. Ndalama zinapita zambiri kuposa za kambale kaja kangapo konse, mayi a kunyumba sanandiyankhule bwinobwino madzulo amenewo. Amene amadziwa za nsombazi amati musachepetse pa malita 20, ine ndinatenga 25 chifukwa ndi imene inalipo.

Chinthu chabwino koposa chimene amayi aja anandipatsa chinali chaulere, kachidutswa ka siponji yakale yakuda kuchokera m'thanki yawo, atakaika m'jumbo ndi madzi. Ine ndinkaona ngati nyansi. Nkhani yake ndi iyi, ndowe za nsomba ndi chakudya chotsala zikamaola zimatulutsa ammonia, ndipo ammonia amawotcha nsomba ngakhale madzi akuoneka oyera mbee. M'siponji ya fyuluta mumamera mabakiteriya abwino amene amasandutsa ammonia kukhala nitrite, ena n'kusandutsa nitrite kukhala nitrate amene saopsa kwambiri ndipo amachoka ukamasintha madzi. Kuti mabakiteriyawa achuluke m'thanki yatsopano pamatenga masabata 4 mpaka 6, ndiye zoyenera n'zoti thanki iyambe yayenda nsomba isanalowe, koma ine ndinalibe nthawi imeneyo, Chambo akanafera m'kambale. Siponji yakale ija inali ngati mbewu. Masabata oyamba ndinkachotsa madzi pang'ono masiku awiri alionse, panopa ndimachotsa gawo limodzi mwa magawo anayi Loweruka lililonse, ndi kapaipi kukokera m'ndowa uku ndikufwanthula timiyala kuti zinyalala zituluke. Madzi atsopano ndimathira mankhwala aja kaye, n'kusakaniza ndi ofunda pang'ono kuti afanane ndi a m'thanki. Siponji osatsukira pampopi chonde, chlorine amapha mabakiteriya onse aja mubwerera pa ziro, muzingoifinya m'madzi amene mwachotsa m'thanki. Ndipo sopo asayandikire, ndowa ya nsomba ikhale yakeyake, kwathu ndinachita kuilemba ndi penti chifukwa tsiku lina ndinaipeza muli zovala zonyika.

Hita ikugwira ntchito bwino, kungoti manambala a pamwamba pake ndi onama pang'ono, ndikaika pa 26 themometa imaonetsa 25, ndiye ndinaisuntha pang'ono basi, khulupirirani themometa osati hita. Sindinakweze kutentha kamodzi n'kamodzi, ndinkawonjezera pang'onopang'ono kwa masiku awiri. Posintha madzi muziizimitsa kaye pakhoma, ikakhala pamtunda ili yoyaka galasi lake limatha kusweka. Tsiku lachitatu Chambo anadzuka pansi paja n'kuyamba kuyendera makona onse a thanki ngati landilodi. Sabata itatha anadya. Mchira unasiya kuthothoka popanda mankhwala ena alionse kupatula madzi ofunda ndi oyera, ndipo patapita mwezi m'mphepete munayamba kumera kachikopa koonekera mkati ngati pepala la pulasitiki, kenako buluu n'kubwerera.

Kapampu ndiye kali ndi milandu iwiri. Woyamba phokoso, kamang'ung'uza usiku wonse pa tebulo lathabwa, ndinakaika pa siponji yotsukira mbale yatsopano ndiye kanachepa. Wachiwiri ndi umene unandikwiyitsa, mu seti mulibe check valve, kavalavu kakang'ono koletsa madzi kubwerera m'paipi ya mpweya, ndipo palibe anandiuza. Ndinaika pampu pansi pa tebulo, magetsi anazima usiku, madzi anayamba kutsika okha kudzera m'kapaipi kaja, m'mawa ndikupeza pasimenti pali chithaphwi, pampu yanyowa, thanki yaphwa chala chathunthu. Mwayi ekisitenshoni inali pamwamba. Kavalavuko mtengo wake ndi wochepa kwambiri, bwanji osangokaika m'bokosi? Gulani, kapena pampu ikhale pamwamba kuposa madzi. Mpweya nawo muchepetse, betta ya zipsepse zazitali siitha kulimbana ndi madzi othamanga, imangokankhidwa uku ndi uku, ine ndinamanga kamfundo kosalimba pa paipi kuti thovu lizituluka mwaulemu.

Za kuzima kwa magetsi ndi zimene anthu amandifunsa kwambiri, kuti nanga hita ili ndi phindu lanji kuno. Ili nalo. Malita 25 sazizira msanga ngati malita awiri, maola angapo amangotsika digiri imodzi kapena ziwiri. Akazima usiku wozizira ndimafunditsa thanki bulangete m'mbali monse kusiya kampata pamwamba kuti mpweya uzilowa, ndipo akachedwa kuyaka ndimafunditsa madzi pa mbaula, kuthira m'botolo lapulasitiki, kutseka kwambiri n'kuliyandamitsa m'thanki. Ofunda, osati owira. Kupuma sivuto poti imapuma pamwamba, koma chifukwa cha mabakiteriya aja ndinagulanso kapampu ka USB kamene ndimalumikiza ku pawa banki.

Chivundikiro musachione ngati chokongoletsa, betta imadumpha, ndipo cha seti imeneyi chili ndi bowo lalikulu kumbuyo lodutsira mawaya lomwe ndinatseka ndi siponji. Getsi lake ndi lowala mopitirira, timayatsa maola 7 kapena 8 basi, ndipo thanki ili kutali ndi windo kuopa ndere. Kaduwa kapulasitiki kaja ndinataya, kanali ndi m'mphepete mokanda ndipo ndikukhulupirira kuti kanathandizira kung'amba mchira. M'malo mwake ndinagula anubias ndi java fern, zomera zosavuta zimene sukwirira tsinde lake m'miyala, umangomangirira ku mwala ndi ulusi. Chambo amakonda kugona pa tsamba lalikulu la anubias pafupi ndi pamwamba, koyamba tinkaganiza kuti wafa.

Chakudya cha mu kaseti koyamba kaja chinali flakes wamba, tizidutswa topyapyala ta nsomba iliyonse, pomwe betta ndi yodya tizilombo. Ndinasintha n'kugula ma pellets, chakudya cha timibulu, olembedwa kuti ndi a betta, atatu m'mawa atatu madzulo, Lamulungu amagona ndi njala kuti m'mimba mupume. Agogo ake amati tikuizunza, tsiku lina anawaza okha chakudya ngati akuthira mchere mu ndiwo, mimba inatupa ndipo ndinachita kusintha madzi usiku. Chimene amakonda kuposa zonse ndi timphutsi ta udzudzu, ndikatipeza mu diramu ya kuseri ndimatunga ndi kasefa n'kumupatsa tingapo, amatithamangitsa ngati mphaka pa mbewa. Madzi otsala mu diramu ndimataya, musayambe dala kuweta udzudzu pakhomo chifukwa cha nsomba, malungo sadziwa zimenezo.

Malume ake a mwanayu a ku Salima anabwera ndi maganizo oti Chambo akusungulumwa, amubweretsera mbuna ziwiri. Ayi ndithu. N'zoseketsa kuti mbuna zathu zimatumizidwa kunja anthu n'kumazinyadira m'mathanki awo ife tikugula ya ku Thailand, koma kusakaniza sizingatheke, mbuna ndi zaukali, zingamudye zipsepse tsiku limodzi, komanso zimafuna thanki yaikulu yamiyala ndi madzi a mtundu wina. Betta yamphongo ina ndiye musayerekeze n'komwe, zimamenyana mpaka ina kuvulala kapena kufa. Ikani kagalasi koonera nkhope pambali pa thanki kwa mphindi imodzi muone mmene imatukumulira masaya ndi zipsepse poganiza kuti kwabwera mdani. Ikakukwanani mupatse munthu wina, osakaitaya mumtsinje.

Ma star ndipereka chonchi, kaseti ka kambale imodzi, ndipo imodziyo ndi ya nsomba. Seti ya thanki zinayi, ndachotsa imodzi chifukwa cha kavalavu. Shopu zitatu, amayi aja amadziwa ntchito yawo koma anyamata a pa kauntala aphunzitsidwe, ndipo sabata yatha nditapita kukagula ma pellets timbale tija tinali pomwepo, nsomba ina yofiira itagona pansi mmene ankagonera wathu.

Mwezi watha mwana anandiimbira ndili kuntchito akulira kuti wina wathira sopo m'thanki, pakona pali thovu lambiri. Si sopo, ndi chisa, yamphongo imamanga chisa cha thovu pamwamba pa madzi choti idzasungiremo mazira, ndipo kwa nsomba zimenezi abambo ndi amene amalera. Loweruka posintha madzi ndinachiphwasula mwangozi, pofika Lolemba anali atamanga china chachikulu kuposa choyamba. Amati zimakhala zaka 2 mpaka 4, sindikudziwa anali ndi miyezi ingati pamene tinkamugula. Panopa ndikuyang'anira October, madzi asapitirire madigiri 29. Kambale kaja kali pa kabati, mayi a kunyumba amaikamo makiyi ndi machenje a minibasi.