Staten Island Ferry, sitima yaulere yomwe inandionetsa New York ndili ndekhandekha

Abale anga a ku Angónia, Tsangano, Macanga mpaka inu a ku Moatize, ambiri mwakhala mukundifunsa kuti ku America kuja ndinaonako zotani, nde ndati ndikuuzeni za chinthu chimodzi chomwe ndingamulangize aliyense wopita ku New York popanda womuyendetsa komanso thumba lake lili la mametikali ngati langali: kakwereni Staten Island Ferry. Ndi sitima ya pamadzi yaikulu zedi, yopakidwa penti ya olenji, imachoka kumapeto kwenikweni kwa Manhattan kupita pa chilumba cha Staten Island, ndipo simulipira olo kakobiri. Zaulere ndithu, kupita ndi kubwera komwe.

Ine ndinapita kukaona mwana wa achemwali anga amene amagwira ntchito ku chipatala ku Brooklyn, ndege ndinakwerera ku Lilongwe poti ife a ku Ulongué kudutsa pa Calómuè ndi pafupi kusiyana ndi kuzungulira ku Maputo. Mwanayo ndi waulemu koma ntchito yake ndi yochoka m'bandakucha kubwera usiku miyendo itatupa, nde anangondionetsa kakweredwe ka subway, sitima ya pansi pa nthaka ija, nkundiuza kuti amalume mzindawu ndi wanu yendani. Kuyenda wekha kumeneko vuto loyamba ndi ndalama. Dola imodzi ndi pafupifupi mametikali 64, ndipo mtengo womwe alemba pa chinthu mu shopu si womwe umalipira, msonkho amauonjezera pa kauntala, ukadya mu lesitilanti pali tipu ya woperekera zakudya yomwe anthu amasiya 15 mpaka 20 pa 100 alionse, nde munthu umangowerengera m'mutu chilichonse mpaka chilakolako chowona malo chimayamba kutha. Nchifukwa chake chinthu chaulere chomwe chili chabwino zenizeni ndimachilemekeza.

Sitimayi sanaipangire alendo ayi. New York ali ndi zigawo zisanu, Manhattan, Brooklyn, Queens, Bronx ndi Staten Island, ndipo Staten Island ndi yokhayo yomwe subway siifikako komanso palibe mlatho wochoka kumeneko kulunjika ku Manhattan, mlatho wawo wa Verrazzano umakatulukira ku Brooklyn. Nde kwa anthu okhala kumeneko sitimayi ndi chapa yawo yopitira kuntchito basi. Boma la mzinda linayamba kuiyendetsa mu 1905, kale ankalipiritsa kandalama kochepa koma mu 1997 anachotseratu malipiro. Ulendo wake ndi makilomita 8 ndi kakuti, mphindi ngati 25, imayenda usana ndi usiku chaka chonse, nthawi zambiri pakangotha mphindi 30 ina yanyamuka ndipo m'mawa ndi madzulo a masiku antchito zimabwera pafupipafupi kuposa apo. Magalimoto anasiya kunyamula kuyambira zitachitika za pa 11 September 2001, koma njinga yakapalasa mumakwera nayo.

Kafikidwe kake nkosavuta. Mukwere subway nambala 1 mpaka pomwe imathera pa South Ferry, kapena R mutsike pa Whitehall Street, kapenanso 4 ndi 5 mutsike pa Bowling Green nkuyenda pang'ono. Subway yo ndi madola ngati atatu, mumangogunditsa khadi ya ku banki pa geti. Mukatuluka muona chinyumba cha magalasi cholembedwa zilembo zikuluzikulu kuti Staten Island Ferry, dzina lake ndi Whitehall Terminal. Tsopano apa mvetserani bwino abale. Panja pa malo amenewa ndi ku paki ya Battery yoyandikana nayo pamakhala anyamata ovala maveseti owala, mapepala m'manja, amakuthamangira nkumakufunsa ngati ukufuna kukaona chiboliboli chotchuka cha Statue of Liberty, ena amafika pokuuza kuti sitima ya olenjiyo imafuna bilyete. Bodza limenelo. Munthu ukakhala wekha, ukuyang'ana uku ndi uku foni ili m'manja, amadziwiratu kuti ndiwe mlendo ndipo amakukakamira kwambiri. Ine wina ananditsatira mpaka pakhomo akulankhula mosapumira, zinandiwawa chifukwa ndinaona mayi wina wachikulire ali yekha atatulutsa kale kachikwama. Musayankhe zambiri, ingoyendani mulowe mkati, mukwere masitepe, mulibe kauntala ya mabilyete chifukwa kulibe bilyete.

Mkatimo ndi holo yaikulu yodikiriramo, mipando ilimo, zimbudzi zilimo zaulere, ndipo zimbudzizi musazione mopepuka chifukwa mu New York kupeza pokodza popanda kugula kanthu ndi nkhani yovuta, munthu woyenda yekha tsiku lonse amazidziwa zimenezi. Apolisi amakhalapo ndi agalu awo onunkhiza zikwama, musachite mantha. Zitseko zikatseguka anthu onse amangolowa chigulu, palibe zolimbirana mpando poti sitimayo imanyamula anthu masauzande nthawi imodzi.

Chinsinsi chake nchakuti pochoka ku Manhattan mukhale mbali ya kumanja, ndipo mutuluke panja pa khonde, musakhale kuseri kwa galasi. Sitima ikangoyamba kusuntha mukatembenuka muona nyumba zitalizitali zija zonse zikubwerera m'mbuyo pamodzi, One World Trade Center yotalika mamita 541 ili pakati pawo, ndipo kwa ine mpamene mzindawu unayamba kumveka, chifukwa ukakhala pansi m'misewu suona kanthu, umangoona makoma ndi anthu othamanga, koma uli pamadzi mpamene umazindikira kuti Manhattan ndi chilumba chopapatiza chomwe anthu anasowa kofutukulira nkuyamba kumanga chokwera kumwamba. Kenako kumanja kuja kumabwera Ellis Island, kachilumba kokhala ndi nyumba ya njerwa zofiira, pomwe kuyambira 1892 mpaka 1954 panadutsa anthu pafupifupi 12 miliyoni obwera kudzafuna moyo ku America, ambiri ochokera ku Ulaya atathawa umphawi. Ndinaiyang'ana nthawi yaitali nyumba imeneyo, ndikuganiza za abale athu omwe amakwera mabasi kupita ku Joni ndi kachikwama kamodzi, nkhani ya munthu wosiya kwawo chifukwa cha njala siyachilendo kwa ife.

Ndiye Statue of Liberty uja. Amaoneka bwinobwino, mayi wobiriwira atakweza muuni kudzanja lamanja. Inali mphatso yochokera ku France, anaikhazikitsa mu 1886, anaipanga ndi Frédéric Auguste Bartholdi ndipo zitsulo zamkati zoigwira anakonza ndi Gustave Eiffel yemwe uja wa nsanja ya ku Paris. Kuchoka pansi mpaka pa muuni ndi mamita 93. Kubiriwirako si penti, ndi kopa yemwe anasintha mtundu chifukwa cha mphepo ndi mvula. Anthu onse mbali imeneyo amangoti zii kwa kanthawi kenako mafoni m'mwamba.

Chomwe ndinaikondera kwambiri sitimayi monga munthu woyenda ndekha ndi ichi. Ku New York anthu sapatsana moni, ukhoza kutha tsiku lonse osamva munthu akukufunsa kuti mwadzuka bwanji, ndipo kwa munthu wokulira kwathu kuno zimenezi zimalemera mumtima kuposa mmene mungaganizire. Mu lesitilanti ukakhala wekha pa tebulo umadziona kuti uli wekha. Koma pa khonde la sitima ija aliyense maso ali kumadzi, wina ndi nesi akuchokera kuntchito akusinza, wina wanyamula njinga, ena ndi alendo ochokera kutali ngati iwe, ndipo pamenepo anthu amamasuka, wina amakupatsa foni yake kuti undijambuleko nawenso nkumupatsa yako. Ndinamva banja lina likulankhula Chipwitikizi, a ku Brazil, ndinangoti boa tarde ndipo tinacheza mpaka kutsidya, anadabwa kumva kuti ku Mozambique kuli dera lozizira komwe timalima mbatatesi ndi chimanga chochuluka chonchija. Palibe wokuthamangitsa, palibe wokuuza kuti nthawi yako yatha, ukafuna kubwereza ulendo umabwereza.

Pali zina zoti mudziwiretu kuti musakakhumudwe. Sitimayi siima pa chilumba cha Statue, imangodutsa chapatali ndithu, nde pa foni wamba chithunzi chimatuluka chaching'ono, maso ndi omwe amadyerera. Palibenso munthu wofotokoza kuti ichi ndi chakuti icho ndi chakuti, muwerengeretu musanapite. Mukafika ku St. George, komwe ndi kutsidyako, aliyense amayenera kutsika ngakhale mukubwerera pompo, mumazungulira mu holo nkukalowanso, mukachedwa pang'ono mudikira yotsatira. Mphepo ya panyanja paja ndi yoluma ngakhale dzuwa likuwala, tengani jekete. Ndipo ngati mungathe pewani nthawi yomwe anthu akupita kapena kuweruka kuntchito, osati chifukwa malo asowa koma anthuwo atopa, tiziwapatsa ulemu osamawatchinga njira ndi mafoni athu.

Ambiri akafika ku St. George amathamangira kubwerera, ine ndikuti khalaniko pang'ono. Mukayenda m'mbali mwa madzi kuchoka pa siteshoni pali chikumbutso chotchedwa Postcards, makoma awiri oyera opindika, cha anthu a pa chilumbachi opitirira 270 omwe anafa pa 11 September, ndipo ukaima pakati pake maso amalunjika pomwe panali nsanja ziwiri za World Trade Center zomwe zinagwetsedwa tsiku limenelo, kutsidya la madzi. Malo abata, opanda phokoso. Ku Staten Island komweko dera la Park Hill kuli anthu ambiri a ku Liberia omwe anathawa nkhondo kwawo, nde musadabwe kukumana ndi amayi ovala zitenje mu sitimamo.

Pobwerera Statue amakhala kumanzere, koma ine ndimati pitani kutsogolo kwenikweni muone mzinda ukukula pamaso panu, makamaka dzuwa likamalowa magetsi akuyamba kuyaka, Brooklyn Bridge ya mu 1883 ikuonekera chakumanja. Mukatsika muli kale malo abwino oyendapo wapansi. Chokwera ndi msewu wa Broadway pali African Burial Ground, manda a anthu akuda, akapolo ndi mfulu, omwe anapezeka mu 1991 pomwe ankakumba maziko a nyumba ya boma. Anafukula mafupa a anthu 419 ndipo anawaikanso mwaulemu mu 2003, koma akatswiri amati pamalopo panagona anthu pafupifupi 15,000. Kulowa nkwaulere. M'bale wanga wa ku Africa, usafike ku New York nkubwerako osakaima pamenepo.

Nanga sitima yolipira ija yofika pa Statue penipeni? Ngati mukufuna kuponda pa chilumbacho ndi kulowa mu Ellis Island, yovomerezeka ndi ya Statue City Cruises, mabilyete ake amagulitsa pa intaneti kapena mu Castle Clinton mu paki ya Battery momwemo, madola opitirira 20, ndipo konzekerani bicha yaitali yosechedwa ngati pa bwalo la ndege komanso theka la tsiku lonse. Ofuna kukwera mpaka ku chisoti chake amabukitsa miyezi isanafike. Amene ali ndi ana kapena amakonda mbiri ndalama imeneyo sapita nayo pachabe, chifukwa kumapazi kwa mayi uja kuli unyolo woduka womwe ngakhale uli pa chilumbapo suoneka bwino, nkhani yake umakaimvera mu miyuziyamu ya pomwepo. Koma yambani mwakwera ya olenjiyi kaye, mutenge madzi akumwa ndi kabuledi kochokera kunyumba, mukatero mudzaona nokha ngati mukufunabe kulipira inayo.