Galasi kapena pulasitiki mu maikulowevu?

Maikulowevu amatenthetsa chakudya, ndipo chakudyacho ndicho chimatenthetsa mbale. Madzi amawira akafika madigiri 100, koma mafuta ndi shuga zimatha kupitirira pamenepo. Apa ndi pamene galasi ndi pulasitiki zimasiyana.

Galasi lopirira kutentha silisungunuka ndipo silithira makemikolo m'chakudya. Vuto lake ndi kulemera komanso kusweka, makamaka likachoka mufiriji n'kutenthedwa mwadzidzidzi. Mbale zadothi n'zabwinonso, kupatula za mkombero wagolide zomwe zimathetheka moto, ndi zina zakale zomwe utoto wake uli ndi mtovu.

Pulasitiki ndi wopepuka, koma si yense wofanana. Yang'anani nambala pansi pake. Wa nambala 5 amapirira kutentha kuposa anzake. Wa 6, ngati timabokosi toyera tofewa togulitsiramo chakudya, amapindika n'kusungunuka. Wa 3 nthawi zambiri amakhala ndi makemikolo omufewetsa, pomwe wina wa 7 ali ndi kemikolo yotchedwa BPA, imene imasokoneza mahomoni. Bungwe la mayiko a ku Ulaya la European Union linaletsa BPA m'mabotolo oyamwitsira ana mu 2011. Kutentha, mafuta ndi kukandika zimachulukitsa zolowa m'chakudya. Chidebe chokandika kapena chosintha mtundu ine ndimachipumitsa, ngakhale chikhale cholembedwa kuti n'choyenera maikulowevu.

Nanga chovundikira? Pulasitiki wopyapyala womata uja asakhudze chakudya, ndipo musiye kampata kotulukira nthunzi. Mbale yovundikira pamwamba imagwira ntchito yomweyo popanda nkhawa. Nyuzipepala ayi, inki yake si yodya.

Chakudya cha mwana ndimachitenthetsa m'galasi basi.