Miyezi khumi ndi masipika asanu komanso wufa m'nyumba ya malata pa Dedza

Mu Ogasiti wa 2023 ndinatsika minibasi pa Dedza boma ndi makatoni atatu ochokera ku Lilongwe. Kondakitala anandilipiritsa mpando wina chifukwa katoni ya wufa inakana kulowa kumbuyo, moti ulendo wonse wa makilomita oposa 80 inakhala pambali panga ngati mlamu. Ndikulemba izi mu Juni wa 2024, chisanu chafikanso, ndipo anzanga amene amabwera kudzaonera mpira akhala akundifunsa ngati nawonso agule zoterezi. Ndawayankha mwapatalipatali kokwanira. Apa ndifotokoze zonse.

Ndinagula ampulifaya ya Yamaha yogwiritsidwapo kale ntchito, ya 5.1, kutanthauza kuti imayendetsa masipika asanu ndi wufa imodzi, sipika ya bezi. Ndinatenganso masipika awiri akutsogolo, awiri aang'ono akumbuyo, ndi wufa ya mainchesi 10 yokhala ndi ampu yakeyake m'mimba. Sipika yapakati ndinaisiya, ndalama zinali zitatha. Musanalipire chinthu chakale chotere, chitembenuzeni muwerenge kumbuyo. Magetsi athu ndi 230V, pamene katundu wa ku Japan amakhala wa 100V ndipo wa ku America ndi 120V. Mukangobaya pasoketi popanda transifoma, mumva fungo basi. Yanga inalembedwa 220 mpaka 240V, mtima unakhala pansi.

Kale ndinali ndi kawufa ka m'shopu kamene pakatoni panalembedwa 3000W PMPO m'malemba ofiira. Nambala imeneyo ndi yokopera ogula. Yoti muziyang'ana ndi RMS, mphamvu imene chinthucho chimatulutsa mosalekeza. Wufa ya panoyi ndi 100W RMS yokha, koma ikayamba kawufa kaja kakanamveka ngati wailesi ya mabatire.

Masabata awiri oyamba ndinakhumudwa, ndisaname. Pabalaza pathu ndi pa mamita 5 mulitali ndi 4 mulifupi, pansi simenti yopolisha, pamwamba malata opanda siling'i. Wufa ndinaiika pakona chifukwa ndi pamene panali malo. Ndikakhala pasofa, bezi kulibe. Ndikapita kukhitchini, makoma akunjenjemera. Tsiku lina aneba athu, bambo achikulire opuma pantchito, anandiimitsa pachipata n'kunena kuti, "Achimwene, kodi mwatsegula chigayo? Mutiuze tizibweretsa chimanga." Anaseka, inenso ndinaseka, koma uthenga unafika.

Vuto silinali wufa. Mawu otsika amayenda m'mafunde aatali kwambiri: funde la 40 Hz limatalika mamita oposa 8, kuposa chipinda chonse. Likagunda khoma limabwerera n'kukumana ndi linzake, ndipo malo ena mafundewo amaphatikizana, malo ena amafafanizana. M'makona ndi m'mbali mwa makoma bezi imachuluka, pakati pa chipinda imasowa. Sofa yanga inali pakati penipeni.

Njira imene inandithandiza ndi yochititsa manyazi koma ndi yaulere. Umanyamula wufa n'kuikhazika pasofa, pamalo pamene umakhala iwe, n'kuika nyimbo ya bezi yosasinthasintha. Kenako umakwawa m'mbali mwa makoma, khutu pafupi ndi pansi, kufuna pamene bezi ikumveka yosalala, osati yofufuma. Pamenepo ndi pamene wufa ikakhale. Ndinachita izi Loweruka m'mawa, simenti ya pa Dedza ikuzizira mpaka m'mafupa a mawondo. Mayi a kunyumba analowa ndi tiyi n'kupeza wufa itakhala mwaulemu pampando, mwamuna wawo ali chokwawa kuseri kwa kabati. Anaima kaye. "Abambo, kodi mlendoyu ndimupatse tiyi, inu mudikire?" Malo abwino ndinawapeza kukhoma lakutsogolo, pafupifupi mita imodzi kuchoka pakona. Sofa ndinaikankhiranso kumbuyo pang'ono. Kusintha kwake kunali ngati ndagula wufa ina.

M'menyu ya ampulifaya munalinso ntchito. Maikolofoni yoyezera chipinda, imene imabwera ndi ampu ikakhala yatsopano, munalibe m'katoni, ndiye ndinatenga tepi ya kalipentala n'kuyeza ndekha mtunda wochoka pa sipika iliyonse kufika pasofa. Masipika onse ndinawaika pa Small, ngakhale akutsogolo ndi ofika m'chiuno. Poyamba mtima unkakana, ndimaona ngati ndikuwanyoza. Koma Small amangotanthauza kuti mawu otsika apite kwa wufa, masipika enawo apume. Malire ake, crossover, ndinaika pa 80 Hz, nambala imene a THX, kampani yoika miyezo ya mawu a mafilimu, amalimbikitsa, ndipo kabatani ka crossover kakumbuyo kwa wufa ndinakapotoza mpaka kumapeto kuti kusefa kuzichitika malo amodzi. Volumu ya wufa ili pang'ono kupitirira theka. Swichi ya phase, yogwirizanitsa mafunde a wufa ndi a masipika ena, ndinayesa 0 ndi 180, mwana wanga akusintha ine ndikumvetsera, ndipo 0 ndiyo inapambana. Tsiku lomwelo ndinapeza kuti sipika yakumanzere ndinailumikiza mopingasa, waya wofiira pa chakuda. Imalira bwinobwino, kungoti mawu a woimba amamveka ngati akuyandama opanda pokhazikika.

Kenako kunabwera nkhondo ya zinthu zonjenjemera. Ndinaika pafoni kapulogalamu kotulutsa mawu amodzi otsika pang'onopang'ono, n'kumayenda m'nyumba kusaka chikulira. Makapu a pa ukwati wathu m'kabati ankalira pawokha. Galasi limodzi la pawindo linali lokhwepa. Lata lina pamwamba pa chitseko linali ndi msomali woguluka. Zonsezi poyamba ndinkaziika pa wufa kuti mwina yang'ambika. Kansalu pansi pa makapu, kachidutswa ka chubu cha njinga pagalasi, misomali iwiri padenga, nkhani inatha.

Mu Okotobala ndinagula sipika yapakati, ndipo pa ndalama zonse zimene ndawononga, izi ndi zimene sindidandaula nazo ngakhale pang'ono. Ndinachitanso mwayi, chifukwa mwezi wotsatira kwacha inagwa ndi 44 peresenti ndipo mitengo ya katundu wotere inauluka. M'mafilimu a 5.1 pafupifupi zolankhula zonse zimadutsa mu sipika imeneyi. Isanabwere, rimoti inkakhala m'manja nthawi zonse: anthu akamalankhula kweza, mfuti zikayamba tsitsa. Pano ndinangokweza yapakati ndi 2 dB, zinazo n'kuzisiya. Mayi anga akabwera kuchokera ku Bembeke, makutu awo atayamba kale kutopa, amamva nkhani za madzulo popanda kufunsa kuti "akuti chiyani?" Iikeni m'mphepete mwa shelefu, osati mkati mwa kabati, ndipo iyang'ane kumakutu. Yanga ndinaitsamiritsa ndi tizidutswa tiwiri ta rabala.

Masipika akumbuyo ndiwo andipatsa zochepa. Zambiri zimene timaonera kuno ndi za stereo: matchanelo a kwathu, nyimbo za makwaya pa flash, YouTube ya pafoni. Kuti 5.1 yeniyeni ifike, pamafunika waya wa HDMI kapena wa optical kuchoka pa dikoda, ndipo m'dikodamo musankhe Dolby Digital, apo ayi ampu imangolandira njira ziwiri. Mawaya aja ofiira ndi oyera sanyamula 5.1. Pa zinthu za stereo ndimayatsa Pro Logic II, imene imamwaza mawu ena kumbuyo. Pa nyimbo sindiikonda, imachepetsa thupi la mawu. Pa mpira ndiye eya. Usiku wa pa 11 Febuluwale, Côte d'Ivoire ikugonjetsa Nigeria 2-1 mu fainolo ya AFCON ku Abidjan, tinali anthu khumi ndi awiri pabalaza, ndipo chigoli chachiwiri chitalowa mlamu wanga anatembenuka kuyang'ana kumbuyo ngati ochemerera alowera pawindo. Komabe usiku ngati umenewo suchitika sabata iliyonse. Ndikanayambiranso, akumbuyowo akanabwera pomalizira.

Za magetsi ndiye zinandiphunzitsa ndi ndalama. Mu Disembala kunagwa mvula ya mabingu madzulo, magetsi anathima, ndipo atabwera wufa sinayakenso. Ndinainyamulira pa kabaza kwa mnyamata wina wokonza mawailesi kufupi ndi msika. Anatsegula kumbuyo, n'kundionetsa fyuzi yakuda ndi kapasita imodzi yotupa pamwamba ngati chitumbuwa. "Bwana, mwapulumuka. Ikanadutsa apa mukanalira." Anasintha zonse ziwiri tsiku lomwelo. Kuchokera pamenepo zonse zimadutsa pa gadi, ija imadikira kaye magetsi akabwera isanawalole kulowa. Mitambo ikada ku phiri la Dedza, ndimazula pulagi pakhoma ndi waya wa dishi womwe, chifukwa mphenzi gadi siiopa. Ampulifaya yokha sinadwalepo miyezi yonseyi, kupatula kuti imatentha, ndiye pamwamba pake sipaikidwa kanthu. Kansalu koluka kamene kanayalidwapo tsiku loyamba kanachotsedwa pambuyo pa zokambirana.

Panalinso kulira kwa "mmmm" kosalekeza mu wufa, kotsika, kofanana ndi transifoma ya pamtengo. Kumeneko ndi kulira kwa 50 Hz ya magetsi. Kunkabwera chifukwa wufa inali pa soketi ina, ampu ndi dikoda pa ina, ndipo adaputa ya wufayo inali yotchipa, mwendo wake wa earth unali wa pulasitiki. Nditaika pulagi yeniyeni ya miyendo itatu n'kulumikiza zonse pa extension imodzi, kunati zii. Magetsi akathima tili ndi batire ndi inveta yotchipa ya modified sine wave. Ndinayesa kamodzi kuyatsirapo ampu, transifoma yake inayamba kulira ngati njuchi, ndinazimitsa msanga. Pano magetsi akapita timangoonera ndi masipika a TV, ndipo ana amadandaula ngati awalanda ndiwo.

Nyengo ya mvula inaulula chinthu china. Mvula ikagunda malata opanda siling'i, palibe sipika imene ingapikisane nayo. Mu Januwale tinkaimitsa filimu kudikira kuti ikate. Mu Malichi ndinaitana kalipentala n'kuika siling'i ya mabolodi pabalaza, ndinayalanso kapeti pakati ndi kupachika makatani okhuthala. Ndalama zake zinapitirira mtengo wa wufa, ndipo kunena zoona siling'i inali m'mapulani kuyambira kale, masipika anangoifulumizitsa. Kuwomba m'manja pabalaza kale kunkabwerera ngati uli m'tchalitchi chopanda anthu. Pano mawu amafera pomwepo, zolankhula zimamveka ngakhale volumu ili pansi. Bezi yokha kapeti siigwira, mafunde ake ndi aatali kwambiri. Ndipo m'chisanu chino, pamalo okwera mamita pafupifupi 1,600 ngati pano, chipinda chikusunga kutentha moti mbaula sitikuilowetsanso m'nyumba.

Mawaya oyamba anali aja owala a m'paketi. Nditasenda ndinaona kuti mkati ndi oyera, aluminiyamu wopakidwa kopa pamwamba, ndipo pofika Epulo kumapeto kwake kunali kutayamba kuthetheka. Khoswe anamalizitsa waya wa sipika ya kumbuyo kumanja. Ndinagula waya wa kopa wa 1.5 mm ku hadiweya, ndikuuyendetsa m'mapaipi a pulasitiki m'mbali mwa khoma. Khutu langa silinamve kusiyana kulikonse, koma sunadukenso. Bokosi la wufa ndi la MDF, thabwa la utuchi wopanikizidwa, ndipo pansi pake panayamba kufufuma chifukwa cha madzi okolopera m'mawa uliwonse. Pano lili pa thabwa lokhala ndi miyendo ya rabala. Banga lotupalo lilipobe, limandiyang'ana.

Ndi aneba tinamvana popanda kukhala pansi. Ikakwana 9 koloko usiku ndimatsitsa wufa ndi kuyatsa njira ya usiku imene imafupikitsa kusiyana kwa mawu okwera ndi otsika. Mu Meyi kunagwa maliro nyumba yachitatu kuchoka kwathu, ndipo masiku anayi zonse zinali zozima. Titayatsanso ndinadabwa kuti volumu imene ndinkaiona ngati yabwinobwino inali yokwera kwambiri. Sindinaibwezerenso pamene inali.

Wondifunsa lero ndimamuuza kuti ayambe ndi ampu, masipika awiri abwino akutsogolo ndi gadi, kenako yapakati, kenako wufa, ndipo ngati denga lake ndi malata okhaokha aganizire siling'i asanaganize za wufa ya mainchesi 12. Ine ndekha ndili ndi chiyeso cha wufa yachiwiri, chifukwa ziwiri zoikidwa malo osiyana zimasalaza bezi m'chipinda chonse, ndipo mpando wa pafupi ndi chitseko ukadali wosowa bezi. Nditatchula nkhaniyi, mayi a kunyumba anandifunsa kuti thumba la feteleza lili pa zingati chaka chino.

Sabata yatha wufa inayamba kachiphokoso katsopano, kogogoda, nthawi iliyonse bezi ikatsika. Ndinayang'ana makapu, galasi, siling'i, palibe. Ndinali nditayamba kale kuwerengera ndalama za kabaza. Nditaipendeketsa kuti ndiinyamule, m'bowo lotulukira mpweya munagwa zitsekerero zisanu ndi ziwiri za Fanta, supuni yaing'ono imene takhala tikuifuna kuyambira pa Isitala, ndi theka la mbatata yowotcha. Mwini katunduyo ali ndi zaka zitatu, ndipo akuti imeneyo ndi banki yake.