Jik pakhomo poweta agalu: zomwe ndaona patatha chaka

Botolo la Jik lakhala likupezeka m'nyumba mwathu kuyambira kalekale, koma ntchito yake inali imodzi basi, kuyeretsa malaya asukulu a ana ndi matawulo. Za agalu sindinkaliganizirako n'komwe. Zinasintha chaka chatha pamene galu wathu wamkazi, Shuga, anaswa ana asanu, atatu n'kufa m'sabata imodzi. Ankayamba n'kukana chakudya, kenako kusanza, kenako kutsekula m'mimba kwa magazi, fungo lake loti ukalimva kamodzi suliiwala. Ine ndinathamangira kuganiza kuti wina waponya nyama ya tameki kumpanda, monga mudziwa mmene akuba amachitira kuno ku Lilongwe akafuna kulowa usiku. A dokotala a ziweto atawaona awiri otsalawo anati ndi parvo, matenda opatsirana a agalu, ndipo anandifunsa kuti, "Mayi, m'khola mumakolopa ndi chiyani?"

Ndinayankha monyadira kuti ndimathira mankhwala akuda aja onunkha phula, omwe ukawathira m'madzi amasanduka oyera ngati mkaka. Dzina lake ndilisiya. Anangopukusa mutu. Anandifotokozera kuti kachilombo ka parvo n'kouma mutu, mankhwala ambiri ophera majeremusi sakakhudza, ngakhale Dettol yemwe timamudalira pa zina zambiri, ndipo kamatha kukhala pamalo miyezi yambiri kakudikira kagalu kena kosabayitsa katemera. Chomwe chimakapha, mwa zinthu zomwe munthu wamba angagule pagolosale, ndi klorini wa mu Jik. Anawonjeza kuti mankhwala akuda aja ali m'gulu la phenol, amawotcha mapazi ndi m'kamwa mwa galu akakhala ochuluka, ndipo kwa mphaka ndiye poizoni weniweni. Apo m'pamene ndinakumbukira kuti Shuga ankakonda kunyambita mapazi ake ofiira tsiku lililonse lomwe ndakolopa. Ine ndinkati ndi utitiri.

Muyeso womwe ndimatsata ndi uwu. Jik wamba ali ndi sodium hypochlorite, gwero la klorini uja, wokwana 3.5 peresenti. Pothana ndi parvo ndimathira kapu imodzi ya 250 ml m'madzi okwana malita 5, ozizira, osati otentha. Ndiye kuti botolo la 750 ml limandikwanira maulendo atatu, ndipo poyerekeza ndi ndalama zomwe ndinalipira pa madiripi a tiagalu tiwiri tija, mtengo wake si kanthu. Koma kuthira kokha sikokwanira. Poyamba mumachotsa ndowe ndi zonyansa zonse, n'kukwecha pasimenti ndi sopo wa ufa, n'kutsukuluza. Klorini akakumana ndi litsiro amatha mphamvu asanagwire ntchito, choncho amene amangokhuthulira Jik pamwamba pa ndowe akungotaya ndalama. Mukatsukuluza ndiye mumathira madzi a Jik aja, kuwasiya mphindi 10 pali ponyowa, kenako kutsukuluzanso ndi madzi ambiri, n'kudikira kuti paume.

Mphindi 10 zimenezo komanso nthawi yodikira kuti paume, ndiye pamene pagona nkhani yonse kwa munthu woweta agalu. Galu si mwana woti umuuze kuti usaponde apo. Amaponda, kenako amakhala pansi n'kuyamba kunyambita mapazi. Choipa china, agalu ena fungo la klorini limawakoka, ndipo ndowa ya madzi yosiyidwa pansi kwa iwo ndi madzi akumwa basi. Ndiye ine tsiku lokolopa m'khola agalu ndimawamangirira kuseri pansi pa mtengo wa mango, ndowa ndimaiika pa mpando, ndipo sindimasula unyolo mpaka nditagwira pasimenti ndi dzanja n'kumva kuti pauma. Mu Okutobala ndi nkhani ya kanthawi kochepa. M'dzinja, mu Januwale muja mvula ikamangovumba, ndimayamba m'mawa kwambiri, apo ayi agalu aswera pachingwe.

Ndinaphonya kamodzi, ndipo kulakwa kunali kwanga. Tiagalu tinakodza usiku pakhonde lakumbuyo, lomwe n'lotchingidwa mbali zitatu. Ndili pa changu chopita kuntchito, ndinangotenga botolo n'kuthira pamkodzopo osasungunula. Sipanathe mphindi, maso anayamba kuwawa, misozi mbwe, chifuwa chobanika, ndipo Shuga yemwe anali pambali panga anathawa akuyetsemula. Mkodzo, makamaka wogonetsa, umakhala ndi amoniya, ndipo ukasakanikirana ndi klorini pamatuluka mpweya woipa. Zimachitikanso chimodzimodzi, mwinanso kuposa, mukamusakaniza ndi vinega kapena mankhwala otsukira chimbudzi okhala ndi asidi. Tilipo amayi ambiri omwe timakhulupirira kuti kusakaniza mankhwala awiri atatu m'ndowa imodzi ndiye ukhondo. Mayi anga ankatero, inenso ndinatengera. Ndinaleka tsiku limenelo. Galu mphuno yake ili pafupi ndi pansi kuposa yathu, ndiye zomwe ife timangoti kafungo, iye amazikoka zonse.

Pali malo omwe Jik sathandiza, ndipo ndibwino ndinene poyera kuti ena asadzinamize. Pabwalo la dothi ndi pa kapinga palibe chomwe amachita, amangopsereza udzu. Nyumba zambiri kuno khola lake ndi la dothi, ndiye ngati parvo analowapo, chitetezo chenicheni ndi katemera, yemwe amayamba kagalu kakakwana masabata 6 mpaka 8 n'kumabwerezedwa mpaka masabata 16. Mnzanga wina anathira mabotolo awiri pabwalo, n'kutenga kagalu katsopano patatha mwezi, kosabayitsa. Sindinena zambiri.

Mbale zodyeramo agalu ndimazinyika m'madzi omwewo kamodzi pasabata, koma zachitsulo sindizisiyamo nthawi yaitali chifukwa zimachita mawanga ndi dzimbiri. Zapulasitiki zilibe vuto. Ndimatsukuluza katatu, n'kuyanika padzuwa pathandala, ndipo ndikanunkhiza n'kumva klorini ndimabwerezanso. Masaka omwe amagonapo ndinangowotcha nthawi ya matenda ija. Zitenje ziwiri zinapita, zili ndi mawanga oyera ngati mapu, tsopano ndizo yunifolomu yokolopera. Manja nawo amauma, magolovesi ndi ofunika.

Madzi osungunula kale musawasunge kuti mudzagwiritse ntchito mawa, mphamvu yake imasukuluka msanga, makamaka akakhala padzuwa. Ndipo chonde, anzanga, musagawe Jik m'botolo la Sobo kapena la madzi akumwa. Nthawi ya kolera ya 2022 ndi 2023 makomo ambiri tinalandira madzi a klorini kuchokera kwa alangizi a zaumoyo, ndipo tinazolowera kuwasunga m'mabotolo aliwonse pansi pa tebulo. Kagalu ka miyezi itatu kamatafuna chilichonse, botolo lapulasitiki kwa iko ndi chidole. Amene muli ndi ufa wa klorini wa HTH samalani koposa, ndi wamphamvu kwambiri kuposa Jik, ndipo timibulu take tikamwazika pansi galu amatha kutinyambita.

Ndinafunsanso a dokotala aja choti ndichite galu atamwa. Yankho lawo linasiyana ndi zomwe timauzana m'mudzi. Anati osamusanzitsa, osamumwetsa mchere kapena mafuta ophikira, chifukwa chomwe chawotcha polowa chiwotchanso potuluka. Kumutsuka m'kamwa ndi madzi, kumupatsa madzi pang'ono kuti amwe yekha ngati akutha, kutsuka mapazi ndi ubweya pomwe pathirikira, kenako kuthamanga naye kuchipatala cha ziweto mutanyamula botololo kuti aone chomwe wamwa. Akangonyambita madzi osungunula kawirikawiri zimathera pa dovu ndi kusanza pang'ono. Wosasungunula ndiye amasiya zilonda m'kamwa ndi kummero. Akamwa m'mawa musadikire madzulo kuti muone ngati apepukidwe.

China chomwe ndimamva kwa anyamata oweta agalu m'dera lathu n'choti amasambitsa agalu ndi Jik pofuna kupha utitiri ndi nkhupakupa. Ayi ndithu. Khungu limapsa, ndipo utitiri umabweranso. Za utitiri zili ndi mankhwala ake kwa a ziweto, a pansi akhale a pansi.

Masiku wamba m'nyumba ndimangokolopa ndi sopo ndi madzi, chifukwa agalu amalowa mpaka pabalaza ngakhale bambo a kunyumba amadandaula. Jik ndi wa Loweruka, m'khola ndi pakhonde, komanso tsiku lililonse lomwe galu wasanza kapena watsekula m'mimba. Pa nyenyezi zisanu Jik ndimupatsa zinayi, yotsalayo ndaichotsera fungo ndi chintchito chotsukuluza, makamaka masiku omwe m'mipopi mulibe madzi ndipo ndowa iliyonse ndi yowerengera. Tiagalu tiwiri tija tinapulumuka, kamodzi tinapatsa achimwene ku Dedza, kanzake kali pano, kakula kuposa mayi ake. Shuga ali ndi bere lina. Khola ndathira simenti mbali yomwe inali ya dothi, ndipo botolo latsopano lili pamwamba pa kabati.