Ulendo wa sabata wokaona mbalame ku Tarifa: kodi kulipira wotsogolera n'koyenera?

Makampani ambiri okonza maulendo okaona mbalame amaika Tarifa pa ndandanda yawo ya mwezi wa September. Tarifa ndi tauni ya kum'mwera kwenikweni kwa Spain, pomwe nyanja yolekanitsa Ulaya ndi Africa yangotsala makilomita 14. Mbalame zikuluzikulu monga adokowe, miimba ndi ziwombankhanga sizikupiza mapiko mtunda wautali. Zimadikira mpweya wotentha wokwera kuchokera pansi, n'kumazungulira nawo mpaka kutalika, kenako n'kutsetsereka. Pamwamba pa nyanja mpweya wotere kulibe, choncho zikamasamuka kuchoka ku Ulaya kupita ku Africa chilimwe cha ku Ulaya chikamatha, zonse zimathinana pampata wopapatizawu.

Ulendo wake nthawi zambiri umakhala wa masiku 7 kapena 8. Amakutengani pa bwalo la ndege la Málaga kapena Gibraltar, mumagona hotelo imodzi sabata yonse, ndipo mumayenda pa minibasi. Kugona malo amodzi n'kwabwino kwambiri, chifukwa malo onse oonera ali pafupi.

Maganizo athu ndi akuti ulendowu ndi woyenera ndalama zake pokhapokha wotsogolera akhale wodziwa mphepo. Mayina a mbalame aliyense angawaphunzire m'buku, koma ku Tarifa mphepo ndiyo imalamula zonse. Kuli mphepo ziwiri: levante yochokera kum'mawa ndi poniente yochokera kumadzulo. Poniente ikamaomba imakankhira mbalame chakum'mawa, ndipo muyenera kukhala pa malo oonera mbalame a Algarrobo, pafupi ndi mzinda wa Algeciras. Levante ikamaomba pang'ono imazikankhira kumadzulo, ndipo malo abwino ndi Cazalla, pamwamba pa Tarifa. Mukaima polakwika mumangoona timadontho kutali, pamene anzanu makilomita ochepa chabe akuona nthenga iliyonse. Levante ikalimba kwambiri mbalame siziwoloka n'komwe. Zimafika m'mphepete mwa nyanja, kuyesa, n'kubwerera, ndipo zimatha kuunjikana m'mapiri masiku angapo. Tsiku lomwe mphepoyo yaleka ndi limene zimadutsa zikwizikwi. Wotsogolera wabwino amaona zanyengo usiku, amalankhulana ndi anthu owerenga mbalame a bungwe la Fundación Migres, ndipo sachita mantha kusintha pulogalamu m'mamawa. Ngati kampani yakupatsani ndandanda yokhazikika yoti Lachiwiri kwakuti, Lachitatu kwakuti, ifunseni ngati imasinthika. Ikakana, funani ina.

Chachiwiri ndi masiku. Apa ndi pamene anthu ambiri amakhumudwa, chifukwa zotsatsa zimaika zithunzi za mbalame zonse ngati zimadutsa limodzi. Ma black kite, omwe ndi mbalame zolusa, ndi adokowe oyera amayamba kumapeto kwa July ndipo ambiri amakhala atapita August akamatha. Ma honey buzzard, mtundu wina wa mbalame zolusa, amadzaza thambo kumapeto kwa August ndi masiku oyambirira a September, ndipo nthawi yawo ndi yaifupi. Ziwombankhanga za booted ndi short-toed, pamodzi ndi adokowe akuda, zimachuluka kuyambira pakati pa September. Miimba ya griffon imawoloka mochedwa, cha kumapeto kwa October ndi mu November. Wofuna mitundu yambiri pa ulendo umodzi asankhe sabata yachiwiri kapena yachitatu ya September, koma asayembekezere magulu akuluakulu a adokowe oyera.

Tsiku siliyamba m'bandakucha. Mu September dzuwa limatuluka cha m'ma 8 koloko, ndipo mbalame zimadikira kuti nthaka itenthe, motero zimayamba kuuluka cha m'ma 9 kapena 10. Kuyambira pamenepo mumaima maola atatu kapena anayi pamtetete, khosi lili m'mwamba. Mthunzi ndi wochepa. Tengani chipewa chokhala ndi chingwe, mafuta oteteza khungu ku dzuwa, madzi osachepera malita awiri ndi jekete yotchinga mphepo. Bainokyula ya 8x42 ndi yokwanira. Ya 10x42 imakulitsa bwino koma imanjenjemera m'manja mphepo ikamaomba. Telesikopu amabweretsa wotsogolera, koma imodzi pa anthu 14 ndi yosathandiza, chifukwa mbalame ikamauluka sidikira mzere. Gulu labwino lisapitirire anthu 7 pa wotsogolera mmodzi, ndipo aliyense akhale ndi mpando wa pawindo.

Masiku a mphepo yoipa ndi amene amaonetsa ngati kampani inakonzekera. Ku La Janda, komwe kale kunali nyanja yosaya imene inaphwetsedwa n'kukhala minda ya mpunga, kumakhala adokowe, ma glossy ibis ndi ma harrier. Ku gombe la Los Lances kumapezeka mbalame za m'mphepete mwa nyanja, kuphatikizapo Audouin's gull. Cha ku Barbate ndi Vejer kuli northern bald ibis, mbalame yomwe inatsala pang'ono kutheratu padziko lapansi ndipo anaibwezeretsa kumeneko. Malo amenewa ndi okoma ndithu, ndipo tsiku lotere silitayika.

Ulendo wa paboti wokaona anangumi ndi ma dolphin ndiwo wosadalirika. Levante ikalimba maboti satuluka. Funsani musanalipire ngati mtengo wa boti uli kale m'kati, komanso ngati amabweza ndalama akaulephereza. Funsaninso za chakudya chamasana, inshuwalansi ndi ndalama yowonjezera ya chipinda cha munthu mmodzi, chifukwa ma euro amenewa nthawi zambiri saonekera pa mtengo wotsatsa.

Chofooka china n'chakuti otsogolera ena amangotchula dzina n'kupita pa mbalame ina. Woyamba kumene amafunika kuuzidwa chifukwa chake: kamutu kakang'ono ndi mchira wautali wa honey buzzard, kapena timadontho tiwiri toyera pamapewa a booted eagle tomwe timaoneka ikamabwera molunjika kwa inu. Uzani wotsogolera tsiku loyamba kuti mukufuna kuphunzira zizindikiro zimenezi.

Amene anazolowera kale mbalame zolusa ndipo amatha kuwerenga za mphepo akhoza kubwereka galimoto n'kupita okha, popeza malo oonerawa ndi aulere ndipo ali m'mbali mwa msewu wa N-340. Kwa woyamba, kapena amene ali ndi sabata imodzi yokha, timalimbikitsa kulipira wotsogolera wokhala komweko, pa gulu laling'ono.