Nyenyezi zinayi, koma kapitawo wawo ayi

Kampani ya zomangamangayi ndaipatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu. Tinaipatsa nyumba yathu ya ku Area 49 ku Lilongwe itafika pa lintala, kuti atimalizire denga, pulasitala ndi mpanda. Mtengo ndi womwe uja, wokwera kuposa wa amisiri oyenda ndi chipande m'chikwama, ndipo pa kotesheni amaikapo kamzere ka inshulansi kamene alamu anga ankati ndi kuba dzuwa likuswa mtengo. Satifiketi ya NCIC, bungwe limene linkalembetsa makampani a zomangamanga, anatulutsa okha tisanafunse, pepala la inshulansi nalonso, tsiku lothera ntchito likuwerengeka bwinobwino.

Chimene chinandiwawa ndi kapitawo. Foni sayankha. Ukawapeza pamalopo n'kufunsa kuti matumba a simenti athera pati msanga chonchi, amakuyang'ana kuyambira kumapazi kenako amvekere, "Mayi, inu zomangamanga munaphunzira kuti?" Ndalama zanga zomwe! Mpaka lero mtima sunaphwe.

Ndiye kunabwera mvula yamkuntho ya mu Januwale. Khoma la pamwamba, matabwa a denga asanalumikizidwe, linapendekeka n'kugwera kwa aneba. Mpanda wawo phwaa, thanki ya madzi kung'ambika pakati, madzi kusefukira mpaka kukhitchini. Choopsa kwambiri, mnyamata woponda matope amene ankafunditsa simenti ndi pepala lapulasitiki anapanikizika mwendo ndi mabuloko. Ndikufika ndinapeza aneba ali panja opanda nsapato, akukalipa kuti tikaonana kupolisi. Miyendo inandizizira, m'mutu ndikuwerengera ndalama zimene ndilibe.

Eni kampani anafika mvula isanakate. Sanayambe ndi kuloza chala. Anamunyamula mnyamatayo pa galimoto yawo kupita naye kuchipatala cha Kamuzu Central, kenako anabwerera kudzajambula chilichonse, ngakhale zidutswa za thanki zimene zinali m'matope, n'kuuza aneba kuti, "Bambo, nkhaniyi ndi yathu, mayiwa asiyeni." A inshulansi anatumiza munthu wawo ndi tepi yoyezera. Zinachedwako, aneba anang'ung'udza ndithu, koma mpanda unamangidwanso, thanki yatsopano inakwera, ndipo khoma lathu analidzutsanso popanda ine kuonjezera ngakhale tambala. Mnyamata uja ankalandirabe malipiro ake ali m'chikhakha. Lamulo la chipukuta misozi cha ovulala pantchito limagwira amene walemba munthuyo ntchito. Alamu aja pano za kamzere kaja sazitchulanso.

Denga silidontha, pulasitala ndi wosalala, ngakhale pa mawindo awiri akumbuyo anathamangapo. Nyenyezi yachisanu ndaimana chifukwa cha kapitawo yemweyo: khomalo analisiya lopanda chochirikiza ndi iyeyo, ndipo pepani sanatuluke pakamwa pake. Chitseko cha kubafa nachonso chimakhula pansi. Ndalama yomaliza ija tinagwirizana kuti ndisunge kaye ndikadali nayo, adzaitenga akadzachipala.